Maphunziro ndi aulere, koma makolo sanapatsidwe chuti

Kuyambira mu Januwale 2022 ana a m'Zambia aphunzira kwaulere m'masukulu a Boma, kucokera ku sukulu ya mkaka kufikira kumapeto a sekondale. Ndalama za sukulu, za PTA ndi za mayeso zinacotsedwa. Kwa mlimi amene anali kugulitsa mbuzi kapena thumba la nshawa temu iriyonse kuti mwana asapitikitsidwe m'kalasi, imeneyi inali mvula yogwa pa nthawi yake. Ana ambiri amene anali atakhala pansi anabwerera ku sukulu, ndipo caka comweco Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Zimenezi ndi zofunika kuyamikira, ndipo ife tiyamikira.

Koma pali cinthu cina cimene cinacoka pamodzi ndi lisiti, ndipo cinacoka mwakacetecete. Njira yocokera ku nyumba kupita ku ofesi ya ahedi yayamba kumera udzu. Kale kholo linali kufika pa sukulu katatu pa caka, kudzalipira kapena kudzapempha kuti alilezere mtima mpaka litagulitsa thonje. Sunali ulendo wokondweretsa, koma pa ulendo umenewo kholo linali kuona nkhope ya mphunzitsi, nayenso mphunzitsi anali kudziwa kuti mwana uyu acokera m'nyumba yotani. Lero kuli makolo amene mwana wao ali mu Giredi 5 koma sadziwa dzina la mphunzitsi wake, ndipo kuli aphunzitsi amene atha caka cathunthu osaonana ndi makolo a ana ambiri a m'kalasi mwao. Ena anamva mau akuti “ulere” ndi kuganiza kuti Boma latenga mwana yense. Maganizo amenewa si atsopano. Anamvekanso mu 2002, pamene boma la malemu Levy Mwanawasa linacotsa malipiro kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 7, ndipo m'madera ambiri anthu anayamba kunena kuti sukulu ndi ya Boma.

Alimi anzathu adziwa kuti feteleza wa FISP akafika pa kopaletivu, nchito ya kumunda siitha. Palibe mlimi amene alandira matumba ake ndi kuyembekezera kuti Boma lidzabweranso kudzapalira. Boma lapeputsa mtolo wa ndalama, koma kupalira kwatsala m'manja mwa kholo ndi mphunzitsi, ndipo anthu awiri opalira munda umodzi ayenera kulankhulana. Cimene tifuna kunena lero ndi ici: kholo ndi mphunzitsi aphunzire kukambirana maso ndi maso bvuto lisanafike, ndipo aleke kusenzetsa mwana mau amene akulu ayenera kuuzana okha.

Taonani m'mene uthenga uyendera m'midzi yambiri masiku ano. Mphunzitsi auza mwana kuti, “Ukauze atate ako abwere pa Cisanu.” Mwana adziwa cimene walakwa, ndiye afika ku nyumba ndi kukhala cete, kapena anena kuti ku sukulu afuna njerwa. Kholo nalo liuza mwana kuti, “Ukawauze aphunzitsi ako kuti ndiribe nthawi.” Mau amenewa akafika m'kalasi amveka ngati cipongwe, pamene mwina kholo linali kutanthauza cabe kuti sabata ino tiri kukolola. Kalata ikalembedwa, ilembedwa m'Cizungu, ndipo wowerengera ambuye ake ndi mwana yemweyo amene kalatayo iri kumuneneza. Mwana wa zaka 12 ndiye wamtenga, ndiye womasulira, ndiyenso woimbidwa mlandu. Pa bwalo la amfumu zotere sizingaloledwe. Tamva ngakhale za ana a ku sekondale amene, akauzidwa kuti abwere ndi kholo, apita pa msika kukabwereka “amalume” ndi kandalama ka botolo limodzi. Cinyengo cotere citheka cabe pa sukulu imene aphunzitsi sadziwa nkhope za makolo.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani yaing'ono. Siyaing'ono, cifukwa mwana saleka sukulu tsiku limodzi. Ayamba ndi kulova pa Mande ndi pa Cisanu. Mvula ikagwa mu Novembala alova cifukwa ca kubzala, mu Januwale ndi Febuluwale cifukwa ca kupalira ndi mitsinje yodzala, mu Meyi ndi Juni cifukwa ca kukolola cimanga ndi kutola thonje. Ku cigawo ca Kum'mawa, m'maboma monga Katete, Chadiza ndi Petauke, anyamata ena acoka m'kalasi kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo kuti pothera pake apatsidwe ng'ombe imodzi. Ena alowa ku dambwe temu iri mkati, ndipo atsikana ena alowa cinamwali mayeso ali pafupi. Nthawi zina kholo ndilo lamutuma mwana, osadziwa kuti sabata imodzi yolova ndi masamu amene sadzabwerezedwanso. Nthawi zina kholo liona mwana atabvala yunifomu m'mawa ndi kuganiza kuti ali m'kalasi, pamene mphunzitsi aona mpando wopanda munthu. Aliyense wa awiriwa ali ndi theka la nkhani. Akadzakumana kuti aphatikize, mwana amakhala atafeluka kale mayeso, kapena ali ndi pakati. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, ndipo apa zipota kholo ndi mphunzitsi yemwe.

Kwa ife Akatolika nkhaniyi si yacilendo. Pa 28 Okutobala 1965 Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican unatulutsa cikalata ca za maphunziro cochedwa Gravissimum Educationis. Cikalataco ciphunzitsa kuti makolo, popeza ndiwo anapatsa mwana moyo, ndiwo aphunzitsi ake oyamba ndi akulu, ndipo cipempha aphunzitsi kugwira nchito pamodzi ndi makolo monga anzao pa nchito imodzi. Pa ubatizo wa mwana wansembe safunsa ahedi kapena nduna ya zamaphunziro ngati alandira udindo wolera mwanayo. Afunsa makolo ndi omuimirira. Udindo umenewo sutha mwana akalowa pa geti ya sukulu, kaya ndi sukulu ya misyoni, ya Boma kapena yomangidwa ndi anthu a m'mudzi.

Tiyambe ndi inu makolo. Luso loyamba ndi kupita ku sukulu kulibe mlandu. M'masabata awiri oyamba a temu pitani kukapatsa moni mphunzitsi wa kalasi ya mwana wanu. Sipafunika nkhuku kapena suti. Nenani kuti, “Aphunzitsi, ine ndine amai ake a mwana uje, tikhala mudzi wakuti. Ndabwera kuti tidziwane.” Ngati muli ndi foni siyani nambala, ngati mulibe siyani ya mnansi wanu kapena ya amfumu. Moni wa mphindi zisanu umenewu ndi umene udzafewetsa nkhani yobvuta ikadzabuka mu Juni. Munthu amene munapatsana naye moni sabvuta kumuuza zowawa. Koma musalowe m'kalasi phunziro liri mkati ndi kuyamba nkhani pamaso pa ana. Funsani nthawi imene mphunzitsi ali womasuka, monga m'mene mungacitire kwa amfumu kapena kwa abambo ku parishi.

Luso laciwiri ndi kudziwa cofunsa. Makolo ambiri afunsa kuti, “Mwana wanga ali bwanji?” ndipo ayankhidwa kuti, “Ali cabe bwino.” Onse apita kwao osapindula kanthu. Funsani mafunso amene ali ndi yankho looneka. Kodi temu ino walova masiku angati? Kodi adziwa kuwerenga monga anzake a m'kalasi? Ndi phunziro liti limene limubvuta? Ayenda ndi anzake otani? Ndi ciani cimene ine ndingacite ku nyumba? Musaope kufunsanso ngati simunamve, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo kusadziwa kuwerenga kusakuletseni. Ambuye amene sanapiteko ku sukulu angathe kutsegula buku la mdzukulu madzulo ndi kuona ngati lero mwalembedwa cina catsopano, ngati muli inki yofiira ya mphunzitsi, kapena ngati masamba ang'ambidwa kukulungira vitumbuwa. Angathe kuuza mwana kuti awawerengere mokweza ndi kumva ngati adodoma. Mlimi adziwa cimanga codwala pociona cabe, ngakhale sanaphunzire ku koleji ya zaulimi.

Luso lacitatu ndi kuuza mphunzitsi za ku nyumba zimene zikhudza mwana. Ngati m'nyumba mwagwa maliro, ngati atate ndi amai alekana, ngati mwana saona bwino pa bolodi, samva khutu limodzi kapena amwa mankhwala masiku onse, mphunzitsi ayenera kudziwa. Pamene cilala ca 2024 cinaononga minda, kufikira kuti pa 29 Febuluwale caka cimeneco Boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ana ambiri anali kupita ku sukulu ndi m'mimba mopanda kanthu. Mwana wogona pa desiki cifukwa ca njala ndi mwana wogona cifukwa ca ulesi aoneka cimodzimodzi kwa mphunzitsi amene sanauzidwe. Sitinena kuti muulule zinsinsi zonse za banja. Nenani zokhazo zimene zingathandize mphunzitsi kumvetsa mwana, ndipo mupempheni kuti zikhale pakati pa inu awiri.

Luso lacinai ndilo lobvuta kopambana: kudandaula mosanyoza. Mwana akabwera akulira kuti aphunzitsi amulakwira, mumvetsereni bwino, koma musaweruze mlandu musanamve mbali ina. Musatukwane mphunzitsi pa mphasa ya nsima ana akumva, cifukwa mawa mwana ameneyo adzakhala m'kalasi ya munthu amene atate ake anamucha citsiru, ndipo sadzaphunzira kanthu kwa iye. Musatengere nkhaniyo ku mowa, ku cigayo kapena pa WhatsApp. Uthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 18, utiphunzitsa dongosolo lake: uyamba waonana ndi mbale wako muli awiri, akakana utenga mboni, ndipo pambuyo pake m'pamene nkhani ipita ku gulu. Ku sukulu ndi cimodzimodzi. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi. Zikakanika pitani kwa aciwiri kwa ahedi kapena kwa ahedi, ndiponso ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Zikakanikabe, pa boma pali ofesi ya a DEBS imene iyang'anira masukulu onse a m'bomalo. Polankhula nenani cimene cinacitika ndi tsiku lake, ndipo funsani kuti, “Aphunzitsi, mwana wandiuza zakuti. Kodi zinayenda bwanji?” Funso litsegula pakamwa pa munthu, pamene cinenezo cimucititsa kudziteteza.

Pali nkhani imodzi imene siitsata dongosolo limeneli. Ngati mwana wagwiriridwa kapena wagonedwa ndi munthu wamkulu, kaya ndi mphunzitsi, wacibale kapena wa malonda pa msika, imeneyo si nkhani yokambirana pansi pa mtengo ndi kulipitsana mbuzi. Pitani naye ku cipatala ndi ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116. Komiti ya sukulu kapena banja limene libisa mlandu wotere kuti liteteze dzina lao ligulitsa mwana.

Tsopano kwa inu aphunzitsi. Tidziwa mtolo wanu. M'masukulu ena kalasi imodzi iri ndi ana 80 kapena kuposa, madesiki ndi ocepa, ndipo ena mwa inu mukhala m'nyumba zodontha kutali ndi mabanja anu. Koma dziwani kuti kholo lobwera ku ofesi yanu nthawi zambiri libwera ndi mantha. Ambiri analekera sukulu m'njira, ndipo cimene akumbukira ca ofesi ya ahedi ndi cikoti. Amai amene abwera ndi citenje ca kumunda, mwana ku msana, aona tayi yanu ndi mabuku anu, ndipo mau onse amene anakonza m'njira athawa. Apatseni mpando. Apatseni moni wa kwathu, wofunsa za ku nyumba ndi za mvula. Achuleni kuti amai, atate, ambuye, monga m'mene mungachulire makolo anu. Lankhulani m'cinenero cimene iwo amva, Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka, ndipo ngati munatumizidwa kucokera ku cigawo cina ndipo cinenero cikali kukubvutani, itanani mphunzitsi mnzanu amasulire, osati mwana amene muli kukambirana za iye. Cizungu ndi ca m'kalasi. Kucigwiritsa nchito pa kholo limene silicimva ndi kutseka citseko munthu ali m'kati.

Yambani ndi cabwino cimene mwana ali naco, pakuti palibe mwana wopanda cabwino. Kholo limene lamva kuti mwana wake ndi waulemu ndipo athandiza anzake lidzamvetsera bwino mukanena kuti masamu amubvuta. Nenani cimene mwaona, musapatse mwana dzina. Kunena kuti, “Walova masiku 9 mwezi uno,” kupatsa kholo cocita. Kunena kuti, “Mwana wanu ndi mbuli,” kulipatsa manyazi cabe, ndipo munthu wocita manyazi sabweranso. Mukatha kulankhula, khalani cete pang'ono kuti kholo linene mbali yake. Mwina mudzamva kuti mwana acedwa cifukwa atunga madzi asanabwere, kapena ndiye asamala amai ake odwala. Musalekane musanagwirizane cinthu cimodzi cimene aliyense adzacita ndi tsiku limene mudzaonananso. Ndipo musaitane makolo pa zoipa zokha. Kakalata ka mizere iwiri konena kuti mwana wacita bwino sabata ino kangasinthe m'mene banja lonse lionera sukulu.

Nkhani ya cilango nayo ifuna kukambirana. Lamulo la zamaphunziro la 2011 liletsa mphunzitsi kumenya mwana. Makolo ena akali kubwera ndi kunena kuti, “Mukwapuleni, ife tinakula ndi cikoti,” ndipo akaona kuti mphunzitsi samenya aganiza kuti alibe nazo nchito. Ena akamva kuti mwana wapatsidwa cilango cosesa pabwalo abwera ndi ukali. Zonse ziwiri zicokera pa kusauzana. Kumayambiriro a caka sukulu iwerengere makolo malamulo ake ndi zilango zake m'cinenero cao, makolo afunse ndi kubvomereza. Cikoti cinacotsedwa, ndipo cimene catsala m'malo mwake ndi mau a kholo ndi mau a mphunzitsi onena cinthu cimodzi. Mwana akadziwa kuti zimene wacita m'kalasi zidzafika ku nyumba dzuwa lisanalowe, adziletsa yekha.

Palinso zinthu zatsopano zimene makolo ayenera kumasuliridwa. Mu 2025 ndondomeko yatsopano ya maphunziro inayamba kulowa m'masukulu, ndipo mwana amene kale akanalowa Giredi 8 anayamba kuchedwa wa Fomu 1. Achikulire amene anaphunzira m'masiku a ma Fomu anadabwa kumva dzinali litabwerera, ndipo acinyamata anasokonezeka. Kodi ndi masukulu angati amene anaitana makolo ndi kuwafotokozera cimene casintha, mayeso amene mwana adzalemba ndi caka cake? Cimodzimodzi ndi thandizo la CDF. Mu 2022 thumba limeneli linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iriyonse, ndipo mbali ina ndi yolipirira ana osauka ku masekondale ogonera komweko ndi ku masukulu a nchito za manja. Mafomu apita kupyolera m'komiti ya citukuko ya wodi ndipo ali ndi nthawi yake. Mai wamasiye wa kumudzi sadzamva zimenezi ngati ahedi ndi komiti sanamuuze, ndipo mwana wanzeru adzakhala pa nyumba ndi kalata yomusankha m'thumba.

Kukambirana kowawa kopambana ndi kwa mtsikana amene watenga pakati. Apa ndi pamene makolo ambiri abisala ndi manyazi, ndipo sukulu nayo ingofafaniza dzina m'kaundula. Kuyambira 1997 Zambia iri ndi ndondomeko yolola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu akabereka. Lamulo la 2011 lija linena kuti ndi mlandu kukwatira kapena kukwatitsa mwana wa sukulu, ndipo mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa cikhalidwe cathu, usawerengedwe. Ife a Mpingo sitiyamikira chimo, koma sititaya mwana cifukwa wagwa, ndiponso sititaya khanda limene liri m'mimba. Makolo, musadikire kuti mimba ionekere pa yunifomu. Pitani kwa ahedi kapena kwa mphunzitsi wa uphungu, mutenge alangizi kapena amai a mu mphakati ngati muopa kupita nokha, ndipo mugwirizane za tsiku lobwerera ndi za amene adzalera khanda. Aphunzitsi, nkhani imeneyi isamveke pa asembule kapena m'cipinda ca aphunzitsi monga nthabwala. Mtsikana amene wasekedwa pocoka sabwerera, ngakhale ndondomeko imulola.

Tinene za msonkhano wa PTA, umene m'masukulu ena tsopano auchula kuti PTC. Makolo ambiri analeka kupitako cifukwa adziwa kale m'mene uyendera: uitanidwa 9 koloko, uyamba 12 koloko, ahedi awerenga lipoti lalitali m'Cizungu, amuna atatu omwewo alankhula, ndipo pothera pake pamveka za njerwa ndi mcenga. Msonkhano wotere ukhoza kukonzedwa. Uitanidwe pa nthawi imene mlimi angabwere, osati m'mawa wa tsiku la pakati pa sabata mu Disembala pamene khasu liri m'manja, ndiponso osati tsiku lolandira feteleza kapena la msika wa FRA. Uthenga upite sabata ziwiri msonkhano usanafike, kupyolera mwa amfumu, m'zilengezo za ku chalichi ndi ku mzikiti, ndi pa wailesi ya m'deralo. Uyambe pa nthawi yake ndipo usapitirire maola awiri. Ndalama zimene Boma latumiza ku sukulu ziwerengedwe poyera, zimene zinabwera ndi zimene zagulidwa, ndipo pepala lake likhomedwe pa cipupa. Kumene kulibe cobisika, manong'onong'o akuti ahedi adya ndalama safika patali, ndipo makolo saumira kuumba njerwa za kalasi yatsopano.

Wakumpando aonetsetse kuti azimai alankhula, pakuti ndiwo adziwa ngati mwana wadya, wasamba ndi kugona pa nyumba. Ngati acita manyazi pamaso pa apongozi ao, agawidwe m'magulu ang'onoang'ono ndi kutuma mmodzi anene za gulu lonse. Ndipo gawo lalikulu la msonkhano likhale la maphunziro a ana: ndi angati amene adziwa kuwerenga mu Giredi 3, ndi angati aleka sukulu caka cino, ndipo acokera m'midzi iti. M'msonkhano wotere ndi m'mene makolo, amfumu ndi anamkungwi angagwirizane kuti cinamwali ndi za ku dambwe zizicitika pa chuti ca Ogasiti kapena ca Disembala. Mwambo ndi sukulu siziyenera kulimbirana mwana mmodzi pa tsiku limodzi.

Tidziwa zimene ena adzayankha. Kholo lidzati munda sudikira. Ndi zoona, koma ulendo wa ku sukulu ndi ola limodzi kapena awiri pa temu, pamene maliro a mudzi wacitatu tikhalako masiku atatu ndipo palibe anena kuti munda waonongeka. Mphunzitsi adzati sangathe kuonana ndi makolo a ana 80. Ndi zoonanso, koma si onse amene afunika sabata imodzi. Ayambe ndi ana asanu amene alova kwambiri, ndipo pa tsiku lotenga malipoti kholo lililonse lipatsidwe mphindi zocepa zokhala pansi, m'malo mongosaina ndi kupita. Ena adzati masiku ano kuli foni. Foni ndi yothandiza pa uthenga wa msanga. Mu 2024, cifukwa ca kolera, masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale, ndipo pa nthawi yotere sukulu imene iri ndi buku la manambala a makolo ndi a mafumu siibvutika kufalitsa uthenga. Koma nkhani ya khalidwe la mwana, ya kufeluka kapena ya mimba si yolemba pa gulu la WhatsApp pamene mudzi wonse uwerenga. Ndipo tisaiwale kuti mabanja osauka kwambiri, amene ana ao ndiwo ali pangozi yoleka sukulu, ndiwo alibe foni kapena pocajira.

Miphakati yathu iri ndi mbali yake. Tikumana sabata iriyonse, tidziwana nyumba ndi nyumba, ndipo tidziwa ana amasiye amene asungidwa ndi ambuye okalamba osatha kuyenda makilomita asanu kupita ku sukulu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mphakati uliwonse ungasankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, oti aziperekeza kholo lamantha kapena kuimirira ambuye odwala, atabvomerezana ndi banjalo ndi kudziwika kwa ahedi. Aphunzitsi amene apemphera nafe tiwalandire m'miphakati monga abale, osati monga alendo odikira kusamutsidwa. Mphunzitsi amene anthu a m'mudzi anamulirako maliro ndi kumubwereka khasu saona ana ao monga manambala a m'kaundula. Abale athu a mipingo ina ndi Asilamu ali ndi magulu ao amene angacite cimodzimodzi, pakuti kalasi ndi imodzi.

Motero tipempha zinthu zocepa ndi zotheka. Kholo lililonse kapena wosunga mwana afike pa sukulu kamodzi temu ino isanathe, osadikira kuitanidwa, adziwe dzina la mphunzitsi ndi kufunsa masiku amene mwana walova. Mphunzitsi aliyense atumize uthenga ku nyumba mwana akalova masiku atatu otsatizana, kupyolera mwa munthu wamkulu. Ahedi ndi akomiti aike masiku a misonkhano ya caka conse poyang'ana kalendala ya ulimi, ndipo awalengeze msanga. Atsogoleri a miphakati aike nkhaniyi pa msonkhano wao wotsatira ndi kulemba maina a ana a m'dera lao amene sali ku sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Boma lacita mbali yake pocotsa malipiro, ndipo mbali yatsalayi siifuna ndalama iriyonse, ifuna cabe kuti akulu awiri akhale pansi ndi kukambirana za mwana wao.